Mwana Amene Anamera Imvi

Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna yekhayo amene Mulungu anandipatsa, anabadwa chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ndinachirira pa chipatala chaching'ono cha ku Mbulumbuzi. Anabadwa wonenepa bwino, wolira mokweza, mpaka azamba anaseka n'kunena kuti ameneyu adzayimbitsa kwaya. Zaka zisanu zoyambirira sindinaone chachilendo. Malungo ankabwera n'kupita monga amachitira ndi ana onse.

Zinayamba ndi zikhadabo. Tsiku lina ndikumusambitsa kuti apite kusukulu ndinaona kuti zachita mizere ndipo zikung'ambika ngati makoko a chimanga chouma. Ndinamukalipira kuti amaziluma. Iye analumbira kuti saluma, ine osamva, mpaka ndinamupaka tsabola m'zala. Zimenezo ndinakaziulula kwa ansembe kalekale, koma zimandibwererabe. Zikhadabo zinapitiriza kutha, zala zina zinangotsala mnofu wokhawokha. Tikakhala pakhonde kusenda nandolo wamuwisi, iye ankayesa khoko limodzi n'kulisiya, misozi ili lengelenge.

Kenako khungu la m'khosi ndi pachifuwa linachita mawanga, akuda ndi otuwa. Palilime panabwera chigamba choyera chosachoka ngakhale upukute ndi kansalu. Atakwana zaka zisanu ndi zitatu ndinapeza imvi pomumeta. Osati imodzi. Anzake kusukulu anamupatsa dzina loti agogo, ndipo pokhala mwana wanthabwala, ankatola ndodo n'kumayenda chowerama kuti aseke. Akafika pakhomo ankaponya ndodo ija n'kugona pamkeka, kupuma movutikira ngati wakwera phiri la Chiradzulu.

Bambo ake anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo ku Thyolo. Munthu wosalankhulalankhula, wosamwa. Nyengo ya nandolo wouma ankamanga matumba panjinga kupita nawo ku Limbe, ndipo poti ulendo ndi wautali, ankagona kwa mbale wawo ku Bangwe n'kubwera mawa lake. Kugona kumeneku ndi kumene kunawapalamulira mlandu.

Kwathu kuno mwana akamafooka chotere akuluakulu amati wasemphedwa. Ndiye kuti kholo lina linakagona kunja kwa banja, n'kubwera kudzanyamula mwana kapena kudya naye mbale imodzi lisanadzikonze. Ndipo amati mankhwala a tsempho sagwira mpaka wolakwayo ataulula ndi pakamwa pake. Ine anandifunsa amayi anga kumbali, ndinawayankha kuti mwamuna wina sindimudziwa, anandikhulupirira. Maso onse anatembenukira kwa mkamwini.

Achimwene anga aakulu, eni mbumba, anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana, amuna pamipando, ife pamphasa.

"Alamu," anayamba achimwene, "sitikufuna mbuzi, sitikufuna nkhuku. Tikufuna mawu okha. Mumapita kuti?"

"Ku Limbe, alamu. Ndi nandolo."

"Nandolo amagona ku Bangwe?"

"Imagona ndi njinga. Ine ndimangoiperekeza."

Anthu ena anaseka. Achimwene sanaseke. Nkhoswe ya kwawo kwa bamboyo, mkulu wina wachifatse, inawaweramira n'kunena motsitsa, koma tonse tinamva: "Amwene, tangovomerani. Mawu sapha munthu. Mwana amwe mankhwala, nkhani ithe."

"Ndikavomera bodza," anatero bambo a mwana, "mankhwalawo akagwira pa bodzapo?"

Anakambirana mpaka mthunzi unasuntha, ife n'kukoka mphasa kuutsatira. Pomaliza achimwene anatembenukira kwa ine. "Achemwali, mwamuna ndi wanu. Mukuti bwanji?"

Ndinali ndi kolona m'manja, nditaibisa m'chitenje. Mumtima ndinkadziwa kuti munthuyu ndakhala naye zaka khumi ndi ziwiri osamupeza ndi bodza ngakhale la sopo. Koma ndinkaonanso imvi za mwana wanga, ndipo kamtima kena kankati, nanga bwanji ngati n'zoona? Ndinayankha kuti, "Ine ndikungofuna mwana wanga achire."

Mawu amenewo anthu anawamva ngati chigamulo. Bamboyo anandiyang'ana kamodzi, osati mwaukali, n'kuweramitsa mutu. Achimwene anawapatsa masiku atatu kuti aulule kapena achoke. Tsiku lachitatu anamanga zovala zawo, anasisita mwana pamutu, anamuuza mwana wathu wamkazi kuti azithandiza mayi ake, n'kunyamuka. Khasu lawo analisiya, ati ndi la munda wa pano.

Chaka chotsatira ndi chija cha njala yaikulu, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Ambiri anaonda, choncho mwana wanga sankaonekanso wachilendo. Koma ena atayamba kubwerera m'thupi ndi chimanga chatsopano, iye sanabwerere. Anayamba kamfuno. Magazi ankatuluka osaleka, nsalu ziwiri zitatu kunyowa. M'manja ndi m'zikope munayera ngati pepala. Akangodzigunda pang'ono pankachita chigamba chakuda.

Ndinamubereka kumsana, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka mnansi wina wachisilamu, wogulitsa usipa, anatipeza panjira n'kutikweza panjinga yake kukafika ku Nguludi. Mulungu amudalitse bambo ameneyo kumene ali. Kuchipatala anati magazi atha, afunika kuwonjezera. Ndinapereka anga. Mwana anadzuka, anadya, anabwerera kusukulu. Patapita miyezi itatu tinabwereranso. Ndinafuna kuperekanso, anesi anandiyang'ana m'zikope n'kundikaniza, ati mayi, tikutengerani magazi mugona pabedi linalo.

Masiku amenewo maliro anali ponseponse, ndipo aliyense wodwala nthawi yaitali anthu ankangoti ndi matenda omwewa. Pachitsime ndikafika nkhani zinkaduka. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kupezeka ku Boma, ndinapita ndi mwana kukayezetsa, ndikupemphera njira yonse, osadziwa chopempha. Chifukwa akanatipeza nako kachilombo, bwenzi pali mankhwala. Anatipeza tilibe, tonse awiri. Ndinawauza achimwene, iwo anati, "Makina a kuchipatala saona tsempho, achemwali."

A ku Nguludi ndi amene anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Tinagona m'wodi ya ana sabata ziwiri, ine pansi pa bedi pamodzi ndi amayi anzanga odikirira odwala. Tsiku lina m'mawa kunabwera adokotala achizimayi ochokera kunja, ali ndi anesi achikulire owamasulira. Anagwira dzanja la mwana wanga n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anamutsegula pakamwa, anaona m'khosi, anapatula tsitsi ndi zala. Kenako anakhala pansi pamphepete pa bedi, chinthu chimene sindinaonepo dokotala akuchita.

"Akufunsa," anatero anesi, "ngati kwanu, kuchimayi, kunakhalapo mwana wamwamuna wa zala zotere."

Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira. Ndinali ndi mchimwene wanga wamng'ono amene anamwalira ine ndili kamtsikana, ndisanathe msinkhu. Pakhomo pathu dzina lake silinkatchulidwa. Ndinamukumbukira atakhala padzuwa, manja atawabisa m'khwapa nthawi zonse, ngakhale kutatentha. Ndinakumbukira nsalu zamagazi zimene amayi ankachapa kudambo. Ndipo ndinakumbukira kuti chaka chomwecho bambo anga anachoka pamudzi, ife n'kuuzidwa kuti anasempha mwana.

Ndinafotokoza zonsezi. Adokotala anagwedeza mutu n'kulankhula mawu ambiri. Anesi anamvetsera, kenako anati, "Adokotala, mundilole ndiwauze m'njira yathu." Anagwira ngodya ya chitenje changa.

"Mayi, thupi lathuli linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timati maselo. M'kachipinda kalikonse muli ulusi wautali, ndipo pa ulusiwo ndi pamene panalembedwa zonse za munthu: khungu lake, msinkhu wake, magazi ake. Tsono taonani chitenje chanuchi. Telala akadula nsalu amatani kumapetoku?"

"Amapinda n'kusoka."

"Chifukwa?"

"Kuti isasololoke."

"Basi. Ulusi wa m'thupi nawonso uli ndi mpendero wake kumapeto. Achizungu amati telomiya. Kachipinda kakamagawikana kuti pakhale tiwiri, mpendero uja umafupika pang'ono. Zimachitika kwa tonsefe, n'chifukwa chake ine ndili ndi imvizi. Koma m'malo amene thupi limafuna zatsopano tsiku ndi tsiku, monga khungu, zikhadabo, ndi mafuta a m'mafupa mmene mumapangidwa magazi, Mulungu anaikamo katelala kobwezeretsa mpendero. Mwana wanuyu katelala kake kanabadwa kofooka. Mpendero ukutha msanga. Ukatha, kachipinda kamaona ngati ulusi waduka, ndiye kamaima, sikagawikananso. Tina timalumikiza nsonga ndi nsonga molakwika, zinthu n'kusokonekera. N'chifukwa chake mafupa ake atopa kupanga magazi ngati a nkhalamba."

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma ndinamva. Anandiuzanso kuti makina otsimikizira zimenezi kuno kulibe, koma zikhadabo, mawanga ndi lilime zikakumana pa mwana mmodzi, adokotalawo sakayika kwenikweni. Anati mtundu umenewu kawirikawiri umayenda ndi akazi. Mkazi amaunyamula osadwala, ndipo mwa ana ake aamuna ena amautenga, ena ayi.

"Mankhwala alipo?"

Anesi sanadikire kumasulira. "Kuno ayi, mayi. Kuwonjezera magazi kokha, ndi kumuteteza ku matenda ena."

"Nanga bambo ake? Pali chimene anachita?"

Anafunsa adokotala, adokotala anapukusa mutu. "Akuti zimenezi zinakhazikika mwana asanabadwe. Bambo sanalakwe. Inunso simunalakwe. Mayi anu sanalakwe."

Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pafupi ndi mpopi pamene amayi amachapira, ndinalira. Mayi wina wa ku Ndirande amene sindinkamudziwa anasiya zochapa zake n'kudzakhala nane osafunsa kanthu.

Titabwerera kumudzi ndinawauza amayi ndi achimwene, atatu tokha m'nyumba. Amayi anali akusankha nyemba m'lichero. Manja awo anaima. Achimwene anati:

"Mawu amenewa athere muno."

"Achimwene, munthu tinamuthamangitsa wosalakwa."

"Ndamva. Koma mbumbayi ili ndi atsikana, wanu yemwe ali pomwepo. Ndani adzabwere kudzafunsira mbeta pamudzi poti ana aamuna amakalamba ali ku pulayimale? Mukufuna kuwotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi?"

"Si khoswe. Ndi bambo a ana anga."

"Anapita kale amenewo. Zaka ziwiri tsopano."

Sindinganene kuti achimwene anali munthu woipa. Ankaopera ana athu, ndipo zimene ankaopazo zina zinachitikadi. Ndinakhala sabata yathunthu ndikulimbana nazo. Kumphakati wa kutchalitchi anzanga akupemphera, ine pakamwa pokha pankayenda. Nthawi ina mwana wanga anandifunsa ali chigonere, "Amayi, ababa anachoka chifukwa cha ine?" Ndinamuuza kuti ayi. Anati, "Anzanga amati anandidwalitsa ndi iwo." Pamenepo ndinadziwa kuti mwanayu akhoza kupita kwa Mulungu akuganiza kuti bambo ake ndi amene anamupha.

Mawa lake amayi anandipeza ndikutsuka mbale. Anaima pambali panga osandiyang'ana. "Pita ukawatenge bambo a ana," anatero. "Amuna anga aja anafera kwawo ndi dzina loipa. Sindinapite ndi kumaliro komwe."

Ankhoswe amaitanidwa ndi eni mbumba, osati ndi mkazi. Ine ndinawayendera ndekha, khomo ndi khomo, ndipo kwa a ku Thyolo ndinatuma uthenga. Atasonkhana ndinagwada n'kufotokoza zonse monga anandiuzira anesi aja, chitenje chili m'manja. Ndinanenanso kuti tsiku lija anandifunsa, ndinkadziwa yankho koma ndinachita mantha. Achimwene ananyamuka pakati pa nkhani n'kupita kudimba. Amayi anakhalabe, ndipo atafunsidwa ngati za mwana wawo uja zinali zoona, anati, "Zala zake zinali zomwezi."

Ankhoswe a ku Thyolo anandiuza kuti bambo a mwana ali ku Bangwe, ndipo ndinafikako chakumasana. Mbale wawo uja anandilozera nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo, koma ankalankhula akuyang'ana kumbali. Pakhomo ndinapeza mayi wachitsikana akuchapa yunifolomu ya ulonda. Anali woyembekezera, mimba yaikulu ndithu. Anandipatsa moni mwaulemu, anandiyalira mkeka, n'kukawadzutsa.

Bamboyo anatuluka ataonda, maso ofiira ndi tulo. Atandiona anaima pakhomo.

"Mwana?" anafunsa.

"Ali moyo. Koma akufunika magazi."

Mayi uja anatenga ndowa n'kunena kuti akupita kumpopi, ngakhale ndowayo inali yodzaza theka. Ndinawafotokozera zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala akuyang'ana mapazi awo.

"Ndiye kuti si ine."

"Si inu, bambo. Ndinakulakwirani. Ndikanayankhula tsiku lija."

"Chaka chathunthu ndinadikira," anatero. "Ndinkati mwina mutuma mwana ndi kalata. Zimene mwaziona pakhomo panozi ndazichita, sindikana. Koma ndazichita nditachoka kwanu."

"Ndikudziwa."

Anavala nsapato tsiku lomwelo. Magazi awo anagwirizana ndi a mwana, ndipo anabweranso ndi anzawo awiri a kuntchito amene anadzapereka awo kwa mwana woti sanamuonepo. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankafika, atagwira ntchito osagona, atanyamula kabuledi kapena malalanje. Ankakhala pakhonde ndi mwana wawo akusewera bawo. Mwanayo ankawabera nkhomo, iwo n'kumachita ngati sakuona. Tsiku lina ndinamumva akuwauza kuti, "Ababa, pano wamkulu ndine. Onani mutuwu." Iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani agogo, sindinakuoneni." Anaseka mpaka kutsokomola.

Tinakhala naye choncho kuyambira dzinja mpaka nyengo yozizira. Magazi owonjezera anayamba kukhalitsa sabata zochepa. Kenako chinabwera chibayo, thupi lilibe chodzitetezera. Anamwalira ku Nguludi m'mawa wa Loweruka, dzuwa litangolowa pawindo, ansembe atamudzoza kale mafuta. Anali atatsamira pachifuwa pa bambo ake. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndimathokoza Mulungu kuti linali Loweruka.

Maliro atatha, tsiku lometa, achimwene anaimirira pamaso pa abale a mbali zonse. Chiyambire msonkhano uja anali asanalankhule nane bwinobwino. Anavula chipewa.

"Alamu, tinakulakwirani. Ine ndi amene ndinatsogolera. Nyumba ndi iyi, munda ndi uwo. Bwererani."

Ine mtima unkagunda ngati wa mtsikana, ndisaname. Ndinali nditasesa kale mbali yawo ya chipinda.

"Ndamva, alamu, ndipo ndathokoza," anayankha. "Mawu amenewa ndinkawafuna kuposa munda. Koma uko kuli khanda la miyezi inayi, ndi mayi wake amene ananditola ndilibe ndi bulangete lomwe. Ndikawathawa amenewo, ndikhala munthu uja munkanena kuti ndine."

Nkhoswe ina inayamba kunena za ukwati wa kutchalitchi, kuti sumasulidwa. Zinali zoona, ndipo mpaka lero sindinakwatiwenso. Koma ndinapempha kuti ndiyankhule, ndipo ulendo uno sindinadikire kuti mantha andipeze.

"Asiyeni apite," ndinatero. "Ine ndinakula ndikufunsa kuti bambo anga ali kuti. Mwana uyo asakule akufunsa."

Mawa lake ndinawaperekeza kumsewu, ine ndi mwana wathu wamkazi. Panjira anamuuza mtsikanayo kuti tchuthi chikafika adzabwere adzaone mchimwene wake, ndipo sukulu asasiye. Minibasi ya ku Limbe itaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo pamene munali modzaza, anandigwira dzanja ndi manja awiri monga timachitira ndi alendo olemekezeka.

"Tsalani bwino, mayi."

"Muyende bwino, bambo. Mukawapatse moni mayi a mwana. Mukawauze kuti ndathokoza Maloweruka onse aja."

Ukwati wathu unathera pamenepo, pasiteji, popanda wotukwana mnzake. Tinabwerera awiri, mwana wanga akulira chamumtima, ine ndikumugwira paphewa. Pakhomo tinapeza amayi atakhala pakhonde panga. Anali atatiikira madzi osamba pamoto, ndipo anali atabwera ndi mphasa yawo ndi kamtolo ka zovala, ati kuyambira lero azigona kuno.